Ndalumbira kasanu kuti ndasiya kubetcha koma ndikubwererabe, kodi Mulungu wanditaya?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa zaka 34, wapabanja, ana awiri, amagwira ntchito mu shopu ina mtauni ndipo kumpingo kwawo ndi wakwaya. Mwachidule akuti: "Abusa ndithandizeni. Ndinayamba kubetcha mpira ndi K500 zaka zitatu zapitazo, kenako ndinalowa za kandege, juga ija ya pafoni. Pano ndili ndi ngongole ya katapila, renti ya miyezi iwiri sindinalipire ndipo madamu sakudziwa kalikonse. Pa 31 Disembala ku mapemphero a usiku ndinalumbira pamaso pa Mulungu kuti basi ndasiya, Januwale ndinasala masiku 21, ndinapitanso kuphiri, koma malipiro a Febuluwale atangolowa ndinagwanso usiku womwewo. Aka nkachisanu. Kodi chikhulupiriro changa nchoperewera, kapena pali anandilodza? Kapena ndiwonjezere kusala kufike masiku 40?"

Achimwene, zikomo kuti mwalemba, sichapafupi munthu wamkulu kuulula zoterezi. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa nde likundidetsa nkhawa kwambiri. Ayi, musasale masiku 40. Sikuti ndimadana nako kusala, inenso ndimasala, koma momwe mukukutengera inuyo kusalako kwasanduka ngati kubetcha komwe, mwaika 21 simunawine nde mukufuna muike 40 mwina ulendo uno ziphula. Mulungu si kandege achimwene, sitimukwezera ndalama kuti atilipire zambiri.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo chomwe ndaona nchakuti pafupifupi mawu alionse akuyamba ndi "ndi", ndinalumbira, ndinasala, ndinapita kuphiri, ndiwonjezere. Mulungu akutchulidwamo kamodzi kokha, ndipo pamenepo waima pambali ngati mboni kumaonerera inu mukulumbira. Sindikukudzudzulani ayi, ambirife tinakula choncho, kuyambira ku Sande sukulu timamva kuti mkhristu wabwino ndi amene amayesetsa, ukagwa nde kuti sunalimbike, ulimbikenso. Nde munthu amatha zaka akuganiza kuti akudalira Mulungu chonsecho akudalira kulimba mtima kwake komwe, kungoti wakuveka zovala za kutchalitchi.

Pa nkhani yolumbirayi palibe anamposa Petro. Werengani Marko 14, usiku womwe Yesu anagwidwa. Petro akunena motsimikiza kuti olo onse akhumudwe ine ayi, olo kutakhala kufa nanu pamodzi sindingakukaneni. Ndipo munthuyo samanama, mtima wake unali pomwepo ngati mmene wanu unalili pa 31 Disembala paja. Koma usiku womwewo tambala asanalire kachiwiri anali atamukana katatu, ndipo amene anamuyambitsa si msilikali wa lupanga, anali mtsikana wantchito chabe, Petro akuwotha moto pabwalo. Chomwe chimandigwira mtima ine chili pa Luka 22:31-32, pomwe Yesu akumuuziratu kuti Satana wapempha kuti akupeteni ngati tirigu, koma Ine ndakupempherera kuti chikhulupiriro chako chisathe. Mukuona pomwe panagona chipulumutso cha Petro? Lumbiro lake linatha usiku umodzi usanathe, chomwe chinamugwira kuti asatayike ndi pemphero la Yesu. Ndipo atauka kwa akufa, pa Yohane 21, Yesu sanamuuze kuti lumbiranso koma ulendo uno mwamphamvu. Anasonkha moto wamakala mmbali mwa nyanja, anawotcha nsomba, panali ndi mkate, anawadyetsa kaye, kenako nkumufunsa katatu kuti kodi umandikonda. Moto wamakala pomwe anamukana, moto wamakala pomwe anamubweza.

Paulo nayenso pa Aroma 7 akuyankhula ngati waiona kalata yanu, akuti chabwino chimene ndikufuna sindichichita, koma choipa chimene sindikuchifuna nchomwe ndikuchita, kufuna ndili nako koma kuchita ayi. Ndipo akafika kumapeto safunsa kuti ndichite chiyani, amafunsa kuti adzandilanditsa ndani. Ndani, osati chiyani. Pa Akolose 2:23 nde amachita kulasa penipeni pa funso lanu la masiku 40, akuti malamulo ozunza thupi amaoneka ngati anzeru ndithu koma alibe mphamvu yoletsa zilakolako za thupi.

Mkangano umenewu siwalero, ndipo unachitikira mu Africa momwe muno. Augustine anabadwa mchaka cha 354 ku Thagaste, dera lomwe pano lili mu Algeria, ndipo anadzakhala bishopu wa ku Hippo. Munthuyu chilakolako cha akazi chinamusautsa zaka zambiri, mayi ake a Monica akumulirira mmapemphero, mwini wake anaulula kuti ali mnyamata ankapemphera kuti Ambuye ndipatseni kudziletsa koma osati pano. Atatembenuka mtima ku Milan mu 386 anadzalemba pemphero lina loti Ambuye ndipatseni chimene mukulamulacho, nde lamulani chilichonse chomwe mukufuna. Pelagius, mphunzitsi wina wochokera ku Britain amene ankakhala ku Rome, atamva pempheroli sanakondwe nalo. Iye amati ngati Mulungu walamula nde kuti munthu angathe, vuto ndi ulesi basi, limbikani. Ndipo kunena zoona Pelagius sanali munthu wachisawawa, amadana ndi chikhristu chamasewera, koma mabishopu atakumana ku Carthage mu 418 anakana chiphunzitso chakecho, anati chisomo sichingokhululukira machimo akale okha, chimapatsanso munthu mphamvu ndi chifuniro chomwe choti asachimwe. Ndikukuuzani izi chifukwa maulaliki ambiri omwe timamva masiku ano, aja akuti iwe ndiwe wopambana, ingotsimikiza mumtima, lankhula zichitika, ndi Pelagius yemweyo wangovala suti yatsopano. Amakoma kumva Lamulungu, koma amene wagwa kasanu ngati inu amatuluka mtchalitchi atasenza katundu woposa yemwe analowa naye.

Kwathu kumudzi malume anga ankamezanitsa mango. Ndili mwana ndinkakhala pambali kumawagwirira mpeni. Amatenga kamtengo ka mango wamba komera kuchokera ku njere, nkukadula pamwamba, nkung'amba pakati pang'ono, kenako amatenga kanthambi ka mango a mtundu wabwino, nkukasongola mbali ziwiri ngati mano a nkhwangwa, nkukalowetsa mumng'alumo, nkumanga zolimba ndi timapepala ta pulasitiki tomwe amadula ku jumbo ya shuga. Akatero amati basi, usakagwiregwire. Ine chidwi chimandipweteka, tsiku lina ndinakamasula kamodzi kuti ndione ngati kagwira, ndipo kanauma. Kanthambi kaja kalibe mizu, sikangathe kudzimwetsa madzi olo katayesetsa bwanji, moyo wake wonse uli pa kamalo kakang'ono kaja pomwe bala lake lakhudzana ndi bala la tsinde. Ndikamawerenga Yohane 15:5, Ine ndine mpesa inu ndinu nthambi, kopanda Ine simungathe kuchita kanthu, ndimaona manja a malume akumanga kapulasitiki kaja. Ndipo taonani pa Agalatiya 5:22-23, kudziletsa komwe mukukufunaku kwaikidwa pamndandanda wa chipatso cha Mzimu. Chipatso achimwene. Inu mwakhala mukukutenga ngati mtengo wa tikiti yolowera kwa Mulungu, kuti ndikadziletsa kaye nde andilandira, pomwe Baibulo likuti kumabala pa nthambi yomwe yalumikizidwa kale.

Nde mwina mukuti, abusa, ndingopinda manja nkumadikira kuti Mzimu andichotsere? Ayi ndithu, ndipo apa mpomwe ena amasochera mbali inayo. Afilipi 2:12-13 amaika zonse ziwiri pamodzi, gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa inu kuti mufune ndiponso kuti muchite. Nehemiya adani atamuopseza akumanga linga anapemphera kwa Mulungu, nkuikanso alonda usana ndi usiku, zonse mu vesi imodzi, Nehemiya 4:9. Kusiyana kwake kuli apa: munthu wodalira mphamvu zake amasiya khomo lotsegula chifukwa akudzikhulupirira kuti mdani akabwera ndilimbana naye, pomwe amene wavomereza kuti ndine wofooka amatseka khomo, makiyi nkupatsa wina. Yosefe kwa mkazi wa Potifara sanaime kuti ayese kukula kwa chikhulupiriro chake, anasiya malaya mmanja mwa mayiyo nkuliyatsa liwiro.

Tsono ndikufunseni, masiku 21 aja mukusala, akaunti yobetchera ija munaitseka? Kapena inangokhala phee mufoni kudikira malipiro? Ndalama zimalowabe pa nambala yomwe PIN yake mukuidziwa nokha? Ndikukayika ngati munasintha chilichonse mwa izi, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa, kusintha zimenezi kumafuna kuti wina adziwe, pomwe kusala ndi kupita kuphiri mungathe kuchita popanda wina kudziwa chomwe mukusalira. Kumpingo amangoona kuti bambo aja akula muuzimu. Apa nde pali muzu wa nkhani yanu yonse, mukufuna Mulungu akuchiritseni mwachinsinsi kuti ulemu wanu usakhudzidwe. Koma Yakobo 5:16 akuti ululiranani machimo anu wina ndi mnzake ndi kupemphererana kuti muchiritsidwe. Kukhululuka Mulungu amakhululuka pomwe mwalapa muli nokha kuchipinda, za izo musakayike, 1 Yohane 1:9 amanena poyera. Koma kuchira nthawi zambiri amakudutsitsa mwa anthu.

Nde chinthu choyamba, ndipo ndikudziwa kuti nchowawa kuposa kusala masiku 40, muwauze mayi a kunyumba. Zonse, ndi manambala omwe, katapila ndi zingati, renti ndi zingati, ngati munakhudzako ndalama zawo za ku banki mkhonde munenenso. Osaulula theka, chifukwa theka lotsalalo likadzatulukira lokha lidzagumula ndi chomwe munamanga chomwe. Ngati mukuopa, pitani ndi ankhoswe kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira. Ndinakhalapo pa nkhani ngati yomweyi, bambo wina akuulula kwa akazi awo ine ndili pompo. Mayiwo sanayankhe kwa nthawi yaitali, amangopotokola nsonga ya chitenje pachala maso ali pansi, kenako anati, "Ine ndimadziwa kuti pali china chake, foni mumalowa nayo mpaka kubafa, ndimaganiza kuti muli ndi chibwenzi." Analira, anakwiya, ndipo mkwiyowo unatenga miyezi, sindikufuna ndikunamizeni kuti zinatha tsiku lomwelo ndi nyimbo. Sindingakulonjezeninso kuti kwanu zidzayenda chimodzimodzi. Koma madamu anuwo akuona kale kuti simukugona, akuona kuti ndiwo zasintha pakhomo, ndipo akuvutika ndi maganizo awoawo omwe mwina ngoipa kuposa zenizenizo. Komanso mwini nyumba kapena wakatapila akafika pakhomo inu kulibe, adzamvera kwa iwo, nde bola amve kwa inu.

Chachiwiri, ndalama zichoke mmanja mwanu kwa kanthawi. Malipiro akalowa, tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe renti ipite kwa mwini nyumba, za fizi ndi za chakudya zipite kwa madamu, inu mutsale ndi ya thiransipoti. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba asinthe iwowo. Akaunti yobetchera mutseke, magulu a pa WhatsApp aja otumizirana ma odi mutulukemo, ndipo ngati zikuvutabe foni yaikuluyo muisiye kaye mugule kakang'ono ka mabatani. Ena adzati mwamuna mzima kusungiridwa ndalama ndi mkazi, asiyeni anene, sakulipirirani katapila amenewo. Kwa ine kupereka PIN kumeneko ndi pemphero lenileni kuposa kufuula usiku wonse, chifukwa nkunena ndi manja anu kuti Ambuye ndavomera, pandekha sindingathe.

Mudziwenso mdani amene mukulimbana naye. Masewera ngati kandege anawapanga mwa masamu kuti pamapeto pake mwini masewera ndiye apindule, wina awine lero wina mawa koma mukaphatikiza zonse ndalama imapita mbali imodzi. Ndipo chomwe chimakola munthu sikuwina kokha, ndi kusadziwa kuti uwina liti, ndi kuja kongotsala pang'ono, kandege kathawa utangotsala pang'ono kutapa, tikiti yafa ndi timu imodzi yokha, ubongo nkumakuuza kuti unatsala pang'ono yesanso. Kenako pamabwera kuthamangitsa zomwe zinapita, kubetcha kuti ubweze ngongole yomwe inabwera ndi kubetcha komweko. A World Health Organization, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amakuwerengera kutchova juga kosalamulirika mgulu la matenda, nde musadabwe kuti lumbiro lokha likukanika. Ndalama zinapitazo zapita achimwene, madzi akatayika sawoleka, muzilire ngati maliro nkuzisiya. Ngongoleyo mukhale pansi ndi madamu ndi munthu wina wamkulu, mukakambirane ndi mwini ndalama za kabwezedwe ka pang'onopang'ono, ndipo musakongole kwina kuti mutseke uku.

Za kulodzedwa, ine sindikana kuti mizimu yoipa iliko, Baibulo limanena. Koma mu zomwe mwalembazi sindikuonamo chofuna mfiti kuti chimveke, ndikuona foni, malipiro, chinsinsi ndi munthu wotopa ali yekha usiku. Yakobo 1:14 akuti munthu amayesedwa pokokedwa ndi chilakolako chake chomwe. Ndipo chenjerani kwambiri ndi aliyense amene angakuuzeni kuti mubzale mbewu ya ndalama kapena mugule madzi ndi mafuta odzozedwa kuti temberero lichoke, muli kale mungongole, ndipo kuika ndalama kuti mulandire chozizwa ndi juga yomweyo. Kukupemphererani akulu a mpingo akupempherereni, kwaulere, ndipo mobwerezabwereza.

Anthu a Alcoholics Anonymous, gulu lomwe linayamba mu 1935 ku Akron ku America pomwe zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinayamba kuthandizana kusiya mowa, pa masitepe awo 12 loyamba penipeni ndi kuvomereza kuti mowa watiposa mphamvu. Sayamba ndi kulumbira kuti sindidzamwanso moyo wanga wonse, amangoti lero lokha, ndipo amaonetsetsa kuti aliyense ali ndi mnzake woti amuimbire zikavuta. Ife a mpingo tinayenera kukhala akatswiri pa zimenezi chifukwa nzathu zomwe, chakudya chathu chalero, mana a mchipululu omwe samasungika mpaka mawa. Pezani bambo mmodzi wokhwima, kaya wa ku mlaga kwanu kaya wa mkwaya momwemo, amene mungamuimbire 11 koloko usiku nkungoti zandiyamba, ndipo iye asakulalikireni, angocheza nanu ndi kupemphera nanu mpaka chimphepocho chidutse, pakuti chilakolako chimakwera nkutsikanso, sichikhala pamwamba mpaka kale. Usiku wa malipiro makamaka musakhale nokha.

Mapemphero anu asinthenso. Lekani kumulonjeza Mulungu, Mlaliki 5:5 akuti kuli bwino kusawinda kusiyana ndi kuwinda osachita, ndipo malonjezo asanu osweka aja ndi omwe akukupangitsani manyazi kugwada. Mmalo mwake muzimuuza zoona. Mmawa musanagwire foni, mawu ochepa chabe, Ambuye lero ndilibe mphamvu, mtima wanga ukufunabe kubetcha, ndigwireni mpaka madzulo. Madzulo, zikomo, kapena ngati mwagwa, ndagwa ndikhululukireni, nkuimbira mnzanu uja usiku womwewo osadikira kuti mudziyeretse kaye sabata ziwiri. Wamsonkho wa pa Luka 18 anangoti Mulungu mundichitire chifundo ine wochimwa, ndipo ndi amene anapita kwawo wolungamitsidwa, osati Mfarisi amene amasala kawiri pa sabata. Werengani pang'ono tsiku lililonse, Masalimo kapena Marko, osati kuti mukwanitse chiwerengero koma kuti mukhale pafupi ndi tsinde. Kutchalitchi musasiye. Za kuimba kwaya mukambirane ndi abusa anu moona mtima, akati mupume kaye pumani, koma pa benchi muzikhalapo.

Pali chinanso chomwe simunalembe koma ndiyenera kufunsa, chifukwa ngongole ndi manyazi zikaphatikizana zatitengera amuna ambiri mdziko muno. Kodi maganizo oti bola kungofa akumakufikirani? Ngati ndi choncho musadikire Lamulungu, uzani munthu lero, pitani kuchipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi mukafunse wa zamaganizo, kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe komwe amathandiza za maganizo ndi zizolowezi zokola ngati zimenezi. Kuonana ndi khansala si kuchepa kwa chikhulupiriro. Eliya weniweniyo, atangogonjetsa aneneri a Baala 450 pa Karimeli, anathawa Yezebeli nkukakhala pansi pa mtengo mchipululu kupempha kuti afe, 1 Mafumu 19. Mulungu sanamukalipire, sanamuuze kuti asale. Anamusiya agone, mngelo nkumudzutsa kuti dzuka udye, mkate ndi mtsuko wa madzi zili kumutu kwake, anagonanso, nkumudzutsanso kachiwiri kuti adye chifukwa ulendo wamukulira. Kenako nkudzamuuza kuti suli wekha, alipo ena 7,000. Inunso idyani achimwene, gonani, thupi lotopa ndi lanjala siligwira pa mayesero.

Mwafunsa ngati chikhulupiriro chanu nchoperewera. Mwina nchochepadi, changanso pena chimachepa, koma munthu amene Mulungu wamutaya sadandaula kuti wagwa, salemba kalata ngati yanuyi pakati pa usiku. Paulo anapempha katatu kuti vuto lomwe analitcha minga mthupi mwake limuchoke, yankho linali loti chisomo changa chikukwanira, mphamvu yanga imaoneka bwino mu kufooka, 2 Akorinto 12:9. Alipo omwe Mulungu amawamasula tsiku limodzi chilakolako nkutheratu, ndawaonapo ndipo ndimayamika, koma ambiri omwe ndayenda nawo zimatenga miyezi, kugwa kumayamba kutalikirana, kubisa kumachepa, kudzuka kumafulumira, mpaka tsiku lina amazindikira kuti malipiro alowa ndipo sanaganizeko nkomwe za kandege. Mukadzagwa kachisanu ndi chimodzi, ndipo zikhoza kuchitika, musadzati zonse zapita pachabe, mudzaimbe foni ija basi.

Malipiro a mwezi uno asanalowe mukhale mutayankhula ndi madamu. Sankhani tsiku lomwe ana agona msanga, mulembe manambala onse papepala kuti pakamwa pakauma pepalalo likuthandizeni, ndipo mukatero mundilemberenso mundiuze mmene zayendera, olo zitayenda moipa. Ine ndikhala ndikukupemphererani, inu ndi mayi a kunyumbawo.